Mendulo ya XII ya m'thiranki ya agogo: kodi kukhalitsa pa ntchito si kanthu?

Mayi ena andilembera imelo ndipo aikamo zithunzi ziwiri. Akuti pokonza katundu wa malemu bambo awo apeza pansi pa thiranki kachitsulo kozungulira, kachikasu kothimbirira. Mbali imodzi kali ndi chisoti chachifumu ndi mawu achilendo, mbali inayo kali ndi zilembo zitatu basi: XII. Chimene banja limadziwa n'chakuti agogo awo aamuna anapitako ku nkhondo ya Chiwaya, ija yoyamba ya dziko lonse. Mwana wawo wafufuza pa foni n'kuwauza kuti si mendulo ya ungwazi ayi, ndi ija amangopatsa munthu chifukwa wakhalitsa pa ntchito, ndipo ilibe phindu. Ndiye akufunsa ngati zili zoona, komanso choti achite nayo.

Mayi, mwana wanuyo wafufuza bwino. Chimene muli nachocho ndi mendulo ya ufumu wa Prussia, ku Germany, yotchedwa Dienstauszeichnung, ya gulu lachiwiri, imene inayamba kuperekedwa mu 1913 kwa msilikali wokwanitsa zaka 12 pa usilikali. Si golide. Kwa anthu otolera zinthu zakale mtengo wake ndi wochepa ndithu. Mpaka pamenepa ine ndi mnyamatayo tikugwirizana. Pamene tasiyana ndi pa maganizo akuti kukhalitsa pa ntchito si kanthu. Zimenezo zandiwawa mtima, ndipo ndikupemphani mundilole ndiyambe ndanena chifukwa chake.

Bambo anga anali mesenjala pa ofesi ina. Anayamba ntchitoyo ine ndisanabadwe, anaisiya ine nditakwatira kale. Tambala woyamba akamalira, mayi amakhala atayatsa kale makala a mu simbi. Yunifomu ya khaki, kabudula ndi malaya, imasitidwa m'mawa uliwonse ngakhale kuti inasitidwa dzulo lake, ndipo mabatani amapukuta okha bambo, mwana samaloledwa kuwagwira. Njinga yawo inali yakuda, ya kaliyala wamkulu kumbuyo, ndipo Loweruka masana amaitembenuza miyendo m'mwamba pabwalo n'kumathira oilo pa tcheni, ife titazungulira. Mvula igwe, dzuwa liswe mtengo, maliro agwe pamudzi, iwo amayamba akaonekera kuntchito kukapempha chilolezo, samangojomba.

Ntchito yawo inali kunyamula mafailo kuchoka pa tebulo ili kupita pa tebulo lija, kupita ku positi ofesi, kukaima pamzere ku banki, kuphika tiyi wa mabwana, kutsekula mawindo m'mawa ndi kuwatseka madzulo. Palibe tsiku limene ndingaloze kuti apa bambo anachita chamuna. Sanatulutse munthu m'moto, sanagwire mbava, dzina lawo silinatulukepo m'nyuzipepala. Mabwana amabwera n'kumapita. Ena anali anyamata a msinkhu wa achimwene anga, ongotuluka kumene ku koleji, ndipo amawaitana bambo ndi dzina lawo la ubatizo, lopanda ngakhale "a" kutsogolo kwake, pamaso pa ife ana awo tikawapititsira chakudya. Bambo amayankha kuti "Bwana" n'kudzambatuka. Ine magazi amawira, koma iwo pobwera kunyumba samaitchula n'komwe nkhaniyo.

Komatu kalata ya chaka chakuti ikafunika mwadzidzidzi, ofesi yonse imatembenukira kwa iwo. Amadziwa kabati imene kiyi wake anasowa kalekale ndi mmene amaitsekulira. Amadziwa kuti mfumu yakuti ikabwera siyenera kudikiritsidwa pa benchi, kuti mayi wamasiye uja amachokera kutali ndiye athandizidwe basi isanamusiye. Bwana watsopano aliyense amaphunzira ofesi yake kudzera mwa bambo anga, ndipo ambiri a iwo sanazindikire n'komwe kuti akuphunzitsidwa.

Tsiku lopuma ntchito litafika panalibe mwambo uliwonse. Anawapatsa kalata ya mizere yochepa yowauza kuti abweze yunifomu ndi njinga. Penshoni anailondola miyezi ndi miyezi, yankho lili lomwelo: "Bwerani mawa, failo yanu sikuoneka." Ulendo wina ndinawaperekeza, ndipo ndinawaona atakhala pa benchi kunja kwa chitseko chimene ankatsekula okha zaka zonse zija, chipewa chili pa bondo. Sanakalipe, sanadandaule. Pobwerera, tikuyenda wapansi chifukwa njinga inali itabwezedwa, anangoti akanakonda pakanakhala kanthu, ngakhale kapepala, kosonyeza kuti zaka zawo zija munthu wina anaziwerenga. Ndalamazo pamapeto pake zinatuluka. Chimene anachitchula m'njiramo sichinabwere mpaka anatisiya.

Ndiye Mayi, mukamayang'ana XII uja, mukuyang'ana chinthu chimene bambo anga anachifuna osachipeza. Mfumu ina, pa zifukwa zakezake, inalamula kuti zaka za munthu wamba ziziwerengedwa, ndipo chiwerengerocho chizipachikidwa pachifuwa pake aliyense aone.

Mfumuyo inali Friedrich Wilhelm III, amene analamulira Prussia kuyambira 1797 mpaka 1840. Nkhani yake imayambira pa manyazi. Pa 14 Okutobala 1806 asilikali a Napoleon wa ku France anaphwanya gulu lankhondo la Prussia pa Jena ndi pa Auerstedt, malo awiri tsiku limodzi. Mfumu ndi mkazi wake Luise anathawira kum'mawa kwenikweni kwa dziko lawo, ndipo pa pangano la ku Tilsit mu 1807 Prussia inataya pafupifupi theka la malo ake. Gulu limene linagonjalo linali la mtundu wakale. Akuluakulu ake anali ana a mabanja olemekezeka, ndipo asilikali wamba amasungidwa pamzere ndi ndodo. Wolakwa amamuyendetsa pakati pa mizere iwiri ya anzake, aliyense akumukwapula pamsana. Akuluakulu a asilikali ngati Scharnhorst ndi Gneisenau anaona kuti munthu womenyedwa chotero sangaikire dziko moyo wake, ndipo mu 1808 chilango chimenecho chinathetsedwa. Mu 1813 kunabwera Eisernes Kreuz, mtanda wachitsulo wotchuka uja, umene mkulu wa asilikali ndi msilikali wamba amalandira wofanana. Mu 1814 lamulo linati mnyamata aliyense wa mphamvu zake azilowa usilikali.

Lamulo limenelo ndi limene linabala vuto. Ngati anyamata akubwera zaka zitatu zokha n'kubwerera kwawo, ndani aziphunzitsa obwera pambuyo pawo kugwira mfuti, kuguba, kusamala hatchi, kumanga msasa? Pamafunika anthu otsalira, makopolo ndi masajeni amene akamaliza zaka zawo zokakamizidwa amasaina okha kuti apitirire. Malipiro awo anali ochepa, ndipo pa nthawi ya mtendere khomo lokhalira ofesala linali lotseka kwa pafupifupi onsewo. Tsono muwasunga ndi chiyani? Pa 18 Juni 1825, tsiku limene zinakwana zaka 10 chigonjetsereni Napoleon pa Waterloo, kumene asilikali a Prussia otsogozedwa ndi Blücher anafika kudzathandiza Angerezi nkhondo ili pakati, mfumu inakhazikitsa Dienstauszeichnung.

Poyambapo sinali yozungulira ngati yanuyo. Ofesala wokwanitsa zaka 25 amalandira mtanda wopaka golide, pakati pake pali zilembo zoyamba za dzina la mfumu, kumbuyo XXV. Masajeni ndi asilikali wamba amalandira kachitsulo kafupi kopingasa, kolembedwa F.W. III, kokhala pa kansalu kabuluu, ndipo amakamata kumanzere kwa chifuwa. Ka zaka 9 kanali kakuda, ka zaka 15 kasiliva, ka zaka 21 kooneka golide. Mukuona kuti ngakhale pa ulemu wa kukhalitsa, bwana ndi wantchito wake sanafanane: wina mtanda, wina kachitsulo. Tizitsulo timeneti tinakhala zaka 88. Mafumu anasinthana pampando, Germany inagwirizana kukhala dziko limodzi, koma zilembo za mfumu yoyambitsa ija zinakhalabe pomwepo.

Nanga 12 inachokera kuti, popeza mu 1825 panalibe? Chiwerengero chimenechi chinali ndi kulemera kwake m'moyo wa sajeni chifukwa cha pepala lina lotchedwa Zivilversorgungsschein. Wokwanitsa zaka 12 ndi mbiri yabwino amalandira pepalali, ndipo nalo amakhala patsogolo pa mzere wa ntchito za boma: ku positi ofesi, ku njanji, ku polisi, ku ndende, ku kasitomu, ngakhale umesenjala wa m'maofesi. Inde, umesenjala. Kwa mwana wa mlimi wosauka wa ku Pomerania kapena ku Silesia, zigawo za Prussia, amene kwawo munda unapita kwa mkulu wake, imeneyi inali njira yotulukira mu umphawi. Amapirira perete wa m'mawa, ulonda wa usiku m'chisanu, kukalipiridwa ndi ofesala wamng'ono kwa iye, chifukwa kumapeto kwake kunali ntchito yokhazikika, penshoni, ndi mwayi woti mwana wake aphunzire kuposa iye. Choncho mu 1913, chaka chimene mfumu Wilhelm II anakwanitsa zaka 25 pampando ndiponso chimene gulu lankhondo linkakulitsidwa kwambiri, mamendulowa anakonzedwanso, magulu n'kukhala a zaka 9, 12 ndi 15. Chaka chotsatira nkhondo inabuka. Zaka za nkhondo zimawerengedwa kawiri, ndiye anthu ambiri anafika pa 12 mofulumira. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mamendulowa aliri ochuluka chonchi mpaka lero.

Musaganize kuti mfumu inachita zonsezi chifukwa cha chikondi. Kachitsulo n'kotsika mtengo kuposa kukweza malipiro, ndipo mafumu amaidziwa bwino masamu imeneyo. Masajeni a Prussia nawonso sanali angelo. Nkhanza zawo pa anyamata olowa kumene zinkafika mpaka m'nyumba ya malamulo ku Berlin, kumene August Bebel, mtsogoleri wa chipani cha anthu apantchito, ankaimirira kawirikawiri kutchula milandu ya asilikali ozunzidwa m'makampu. Anthu omwewo akavula yunifomu n'kukakhala pa windo la positi ofesi, ambiri ankatenga mawu okalipa a pa perete n'kumalankhula nawo kwa nkhalamba yodzagula sitampa. Munthu akhoza kukhala wokhulupirika zaka 12 ku chinthu choipa. Zimenezo ndikuzivomera ndi mtima wonse, ndipo ndibwereranso pa izo m'munsimu.

Komabe maganizo anga ndi awa ndipo sindiwabweza. Pa mamendulo onse amene msilikali amapachika pachifuwa, ya kukhalitsa ndi imene ili ndi chilungamo chochuluka. Ya ungwazi imafuna kuti pa ola limenelo pakhale bwana wokuona, wokukonda, wodziwa kulemba lipoti, ndiponso kuti bwanayo apulumuke n'kukalipereka. Angati anachita zazikulu pamalo popanda mboni? Angati analandira mtanda chifukwa anali pafupi ndi tenti ya akuluakulu? Zaka 12 zili m'buku. Bwana akhoza kudana nawe, koma sangang'ambe kalendala. Ndipo dziko lililonse, la Ajeremani kaya lathu lino, limayenda chifukwa cha anthu amene amabwera m'mawa uliwonse. Tili ndi aphunzitsi amene aphunzitsa mwana, kenaka mwana wa mwanayo, pansi pa mtengo womwewo. Tili ndi azamba, alonda, okonza njanji, oyendetsa maambulansi. Akapuma timawatumiza kukakhala pa benchi ndi envelopu ya mapepala m'manja, pamene ulemu timausungira anthu olankhula pa maikolofoni. Mwana amene akukula akuona zimenezi sangalakwe kunena kuti kukhalitsa pa ntchito kulibe phindu. Ndi ife tamuphunzitsa. Ndiye mnyamata wanuyo musamukalipire, Mayi, koma mukhale naye pansi.

Yang'anitsitsani chisoticho

Itengeni menduloyo m'manja. M'mimba mwake ndi pafupifupi masentimita 3, ndipo pamwamba pali kamphete kolowetsamo riboni. Chisoti chimene chili pakatipo si cha Kaiser wa Germany yense ayi, ndi cha mfumu ya Prussia, chija cha timizere topindika tokumana pamwamba, pamene pali kampira ndi kamtanda. Kusiyanaku kuli ndi nkhani yake. Germany itagwirizana mu 1871, mafumu sanathe. Panatsala maufumu anayi, Prussia, Bavaria, Saxony ndi Württemberg, kuphatikizapo maiko ang'onoang'ono a akalonga, ndipo mfumu ya Prussia ndi imene inakhalanso Kaiser. Wilhelm II anali ndi mipando iwiri, ndipo mendulo iyi amaipereka ngati mfumu ya Prussia. Maufumu enawo anali ndi mamendulo awoawo a kukhalitsa. Ya Bavaria, mwachitsanzo, ili ndi chishango cha dziko lawo pamalo pa chisoti, ndipo riboni yake ili ndi mitundu yawo, yoyera ndi yabuluu.

Mawu ozungulira chisoticho ndi akuti "Treue Dienste bei der Fahne", kutanthauza utumiki wokhulupirika pansi pa mbendera. Palibe nkhope ya mfumu, palibe chaka, palibe lupanga kapena chiwombankhanga. Mukaitembenuza mupeza XII ali yekha pabwalo lopanda chokongoletsa chilichonse. Ine mamendulo a Ajeremani odzaza ndi masamba, nyenyezi ndi mitu ya mafumu sandikopa kwenikweni, koma kumbuyo kwa iyi ndimakukonda. Wojambulayo anadziwa kuti pa nkhani imeneyi chiwerengero chikukwanira.

Chitsulo chake ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki, umene ukakhala watsopano umawala ngati golide koma ukakalamba umadera. Ya zaka 9 ndi yofanana nayo, kungoti ili ndi IX ndipo ndi yoyera, yopangidwa ndi mkuwa, nikelo ndi zinki, mopanda siliva ngakhale pang'ono. Ya zaka 15 si yozungulira, ndi mtanda wamkuwa wokhala ndi chisoti pakati ndi XV kumbuyo, kotero kuti pofika 1913 sajeni naye anayamba kuvala mtanda. Riboni ya zonse zitatu inali yabuluu yokhayokha, mtundu wa duwa la Kornblume limene limamera m'minda ya tirigu, limene Ajeremani amati linali duwa la pamtima la Kaiser woyamba, Wilhelm I. Pa mzere wa mamendulo pachifuwa, iyi imakhala kumbuyo kwa a nkhondo.

Dzina la mwini wake silinalembedwe pa chitsulocho. Limalembedwa pa pepala limene amalandira pamodzi ndi menduloyo, ndiponso m'kabuku kake ka usilikali. Pepala likatayika, chitsulo chimatsala chamasiye. Ndipo ufumu umene unaipereka nawo unatha: mu Novembala 1918 Wilhelm II anathawira ku Netherlands, kumene anafera mu 1941, ndipo mu 1947 maiko opambana nkhondo yachiwiri anafafaniza dzina la Prussia pa mapu.

Inafika bwanji m'thiranki ya kwanu?

Mendulo iyi inapangidwira msilikali wa Chijeremani. Asilikali akuda amene ankatumikira Ajeremani mu Schutztruppe, gulu lawo lankhondo la ku Africa, anali ndi ina payokha yotchedwa Kriegerverdienstmedaille. Choncho musafulumire kuuza ana kuti agogo analandira ulemu kwa Kaiser. Koma sizodabwitsa kuti chinthu chotere chipezeke m'nyumba ya kuno, chifukwa Ajeremani anali anansi athu. Kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, ndi gombe la kum'mawa kwa nyanja chakumpoto, linali dziko lawo, limene lero ndi Tanzania. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen inawombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda ikukonzedwa ku Sphinxhaven, kumene lero ndi Liuli. Mfuti ya Guendolen mukhoza kukaiona ku Mangochi pafupi ndi nsanja ya wotchi. Pa 9 Seputembala chaka chomwecho Ajeremani anaukira Karonga ndipo anabwezedwa, anthu atafa mbali zonse ziwiri. Mu 1916 gulu la Northey, mkulu wa asilikali a Angerezi, linawoloka malire kuchokera chakumeneko n'kulanda Neu Langenburg, Tukuyu ya lero. Kuyambira pamenepo anyamata athu a mu King's African Rifles, gulu lankhondo la Angerezi, anathamangitsana ndi Lettow-Vorbeck, mkulu wa asilikali a Ajeremani, mpaka iye anawoloka Ruvuma kulowa mu Mozambique mu Novembala 1917, n'kudzatulukira ku Zambia ya lero, kumene Ajeremaniwo anatula zida ku Abercorn, Mbala ya masiku ano, pa 25 Novembala 1918. Pa ulendo wonsewo panali misasa yosiyidwa mothawa, akaidi, mitembo, katundu wogulitsana ndi fodya kapena mchere. Kachitsulo kotere kakhoza kudutsa m'manja ambiri.

Apa ndi pamene mtima wanga umagawanika. Sajeni wa Chijeremani wovala mendulo ya utumiki wokhulupirika ku Africa anali wokhulupirika ku mbendera imene pakati pa 1905 ndi 1907, pa nkhondo ya Maji Maji, inatentha midzi ndi nkhokwe kum'mwera kwa Tanzania mpaka anthu ochuluka zedi anafa ndi njala, n'kupachika mafumu a Angoni ku Songea. Mbendera yomweyo ndi imene inapulula Aherero ndi Anama ku Namibia kuyambira 1904, zimene boma la Germany linadzavomera mu 2021 kuti kunali kupulula mtundu. Ndikamalemekeza kupirira kwa munthu wodzuka m'mawa uliwonse, sindikulemekeza chilichonse chimene anatumidwa kukachita. Ziwirizi ndimazigwira pamodzi, ndipo sindifuna kuti china chibise chinzake.

Ndipo pali ena amene zaka zawo sizinawerengedwe ndi mfumu iliyonse, ya ku Berlin kapena ya ku London. Akatswiri a mbiri amati anthu a dziko lino amene anatengedwa kukasenza katundu pa nkhondo imeneyo, atengatenga, anafika pafupifupi 200,000, m'dziko limene anthu ake onse sankafika ngakhale mamiliyoni awiri. Ambiri amagwidwa m'midzi kudzera mwa mafumu, ena usiku. Amasenza zipolopolo, ufa, matenti, ngakhale mabedi a maofesala, m'mapiri ndi m'madambo, opanda nsapato, ndipo kamwazi, chibayo ndi njala zinawapha ochuluka kuposa mfuti. Otsala anabwerera kudzapeza minda itagonera, kenaka chimfine cha 1918 n'kudzamaliza ena. John Chilembwe anaziona zikubwera. Nkhondo ya ku Karonga itangochitika analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu osauka akufera nkhondo yosakhala yawo, kusiya akazi amasiye ndi ana, pamene pa nthawi ya mtendere sawerengedwa kanthu. Mu Januwale 1915 anaukira. Mukaima pa nsanja ya chikumbutso ya asilikali ku Zomba, kumbukirani kuti kumbuyo kwa msilikali aliyense kunali anthu angapo osenza, amene ambiri a iwo anabwerera pachifuwa pali mbee.

Ajeremaniwo nawo anachedwa kukumbukira asilikali awo akuda. Mu 1964, patapita zaka 46 nkhondo itatha, boma la West Germany linavomera kulipira otsala amoyo ndalama zawo, ndipo anakazipereka ku Mwanza. Zimakambidwa kuti ochepa okha anali akusungabe mapepala awo, ndiye ena amapatsidwa tsache m'malo mwa mfuti n'kulamulidwa perete m'Chijeremani, ndipo manja a nkhalambazo amakumbukira. Ndikaiganiza nkhani imeneyi sindiona chosangalatsa ngati mmene ena amaifotokozera. Ndimaona akuluakulu aimvi akuyesedwa pa bwalo kuti atsimikize kuti zaka zawo zinachitikadi.

Mwina agogo anu anali msilikali, mwina anali wosenza. Mulimonsemo, anabwera nako kachitsuloko n'kukasunga, mwana wawo n'kukasunganso mpaka imfa, pamene zinthu zina zambiri zinagulitsidwa kapena kutayika posamuka. Anthu awiri anaona kuti n'koyenera malo m'thiranki. Wogula wa pa intaneti sangakupatseni ngakhale mayuro 100, ndipo mukachotsapo zotumizira simutsala ndi kanthu kooneka. Ine ndikuti musagulitse.

Musaikweche ndi phulusa, mchenga, ndimu kapena mankhwala opukutira mkuwa, chifukwa mufafaniza zilembo ndipo kudera kwakeko ndi mbali ya ukalamba wake. Ipukuteni ndi nsalu youma yofewa basi, muiike mu envelopu yapepala, pamalo popanda chinyezi. Ngati pali kachidutswa ka riboni, musakachape. Chofulumira kuposa zonsezi ndi anthu: ngati kumudzi kudakali azakhali kapena amalume amene anawaona agogowo ndi maso, mnyamata wanu yemweyo apite ndi foni yake akawajambule mawu, afunse dzina lonse, mudzi, mfumu, kumene ankati anafika, nyimbo zimene ankaimba, ndipo zilembedwe pa pepala likhale mu envelopu momwemo. Mufufuzenso m'thirankimo ndi kwa abale ena ngati muli mendulo ina ya nkhope ya George V, mfumu ya Angerezi. Angerezi, mosiyana ndi Ajeremani, amadinda dzina, nambala ndi gulu la msilikali m'mphepete mwa mendulo, tizilembo tating'ono tofuna kuwala kwa dzuwa kuti tiwerengeke. Mukaipeza yotere, nambala imeneyo ndi imene ingatsekule mabuku a King's African Rifles, ndipo munditumizire chithunzi chake tithandizane kuiwerenga.